Musanawotcherere V8 mu Galimoto Yakale, Yezani Kaye Malo a Radiyeta ndi Fani

Kuno ku Chipata akadalipo magalimoto akale amene eni ake sangalole kuti apite kwa ogula zitsulo zakutha: Land Cruiser FJ45, Land Rover 109, Peugeot 504 ya pikapu, Hilux zija za malaiti ozungulira. Chesisi ikadali yolimba, bodi amaiwongola, koma injini yatopa ndipo masipeya ake akusowa. Ndiye ambiri masiku ano akumachotsa injiniyo n'kuikamo yaikulu. Imene ikuyenda malonda kwambiri ndi V8 ya Toyota, ya masilinda 8 okhala m'mizere iwiri ngati chilembo V, 1UZ-FE ya malita 4.0, imene inayamba kutuluka mu 1989 mu Lexus LS400 ndi Toyota Celsior. Imafika kuno itagwirapo kale ntchito ku Japan. Okonda dizilo amasakasaka 1HZ ya malita 4.2 kapena TD42 ya Nissan. Ine ntchito yanga ndi ya sipana ndi kuwotcherera, ndipo magalimoto oterewa akamafika pa galaja panga, nthawi zambiri injini imakhala ikulira bwinobwino koma madzi akuwira. Ndikafufuza ndimapeza kuti vuto linayamba tsiku lowotcherera mamauntingi, zitsulo zimene injini imakhalapo. Injini anaikhazika pamene yakwana, radiyeta ndi fani n'kupatsidwa malo otsala. Ntchitoyi imafuna kuiyambira kumphuno kwa galimoto, injini n'kubwera pambuyo.

Pa mafuta onse amene injini imawotcha, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndi limene limafika kumatayala. Lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, lotsalalo limalowa m'madzi ndi mu oyilo kudikira radiyeta kuti ilichotse. Injini ya 2F ya mu Land Cruiser yakale inkatulutsa mahosipawa 135. Ya petulo ya malita 2.25 ya mu Land Rover inali cha m'ma 70. 1UZ yoyambirira ili pa 250, ndipo ya VVT-i ya kuyambira 1997 ili pakati pa 280 ndi 290. Poyenda mwapang'onopang'ono mu Umodzi Highway simugwiritsa ntchito mphamvu yonseyo, choncho radiyeta yakale imaoneka ngati ikukwanitsa. Pakirani matumba a chimanga kapena soya kumbuyo, mukwere chitunda mutaponda faya, kutentha kumawirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi kumene radiyetayo inapangidwira.

Dera lathu nalonso limawonjezera lake. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo kuno madzi osatsekera amawira cha pa madigiri 96, osati 100. Mpweya nawonso ndi wopepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja yamchere, kutanthauza kuti fani yomweyo imanyamula kutentha kochepa. Mukatsikira kuchigwa, ku Mfuwe, mu Okutobala dzuwa limapitirira madigiri 40, kenako muyenera kukwera kubwerera kuno. Popita ku Lusaka kapena pobwera, mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Kacholola amadziwika ndi aliyense amene anayendetsapo galimoto yolemedwa pa Great East Road. Galimoto yanu muikonzere Okutobala wa kuchigwa. Ikapambana pamenepo, Juni sangaivute.

Tsiku loyeza, yambani ndi kumangirira radiyeta imene mwasankha m'malo mwake, ngakhale ndi waya chabe, pamodzi ndi fani. Kenako tsitsani injini ndi tcheni buloko, giyabokosi ili pomwepo, muisiye ili lende osawotcherera kanthu. Ikankhireni kumbuyo mpaka patsale mpata woti dzanja lilowe pakati pa mahedi ndi khoma la kutsogolo kwa dashibodi. Mukatero yang'anani zinthu izi chimodzichimodzi, modekha. Sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, isagunde difu kapena ekiselo yakutsogolo masipuling'i akaphwathika. 1UZ ili ndi masampu a mitundu itatu, lakuya kutsogolo, pakati kapena kumbuyo, ndiye funsani wogulitsa musanalipire. Magalimoto athu chiwongolero chili kumanja, choncho manifolodi ya ekizozi ya mbali imeneyo imayandikana ndi bokosi la sitiyelingi ndi masita silinda ya mabuleki. Boneti itsekeke. Fyuluta ya oyilo izitha kutuluka osachotsa china chilichonse. Ndipo pakati pa fani payang'anane ndi pakati pa radiyeta momwe kungathekere.

Galimoto iliyonse ili ndi vuto lake pamenepa. V8 ndi yaifupi koma yotakata, pomwe injini ya masilinda 6 ondondozana ndi yaitali koma yopyapyala. Mu FJ45, mmene munali 2F yaitali, 1UZ imasiya malo ambiri kutsogolo, moti fani imatalikirana kwambiri ndi radiyeta. Mu Land Rover ndi mu 504 malo amachepa. Ngakhale a Land Rover eni ake, pamene ankaika V8 ya malita 3.5 mu 109 mu 1979, anasunthira girilo kutsogolo kuti ifanane ndi mapiko. Inunso musaope kusuntha chitsulo chogwira radiyeta ngati ndi njira yokhayo yopezera malo. Kuli bwino nkhope ya galimoto isinthe pang'ono kusiyana ndi kufinya fani.

Pa radiyeta, anthu ambiri amafunsa za mizere ya machubu odutsa madzi: "Ya mizere ingati?" Funso loyamba likhale la kutambalala ndi kutalika kwake. Mphepo ikalowa mu mzere woyamba imatentha, ikafika wachitatu ndi wachinayi imakhala yatentha kale ndipo imachotsa zochepa. Radiyeta yonenepa kwambiri imavutanso fani kukoka mphepo galimoto ikaima. Ine ndimasankha yotambalala mpaka kudzaza malo onse a pakati pa malaiti, ya mizere itatu, kusiyana ndi yaing'ono ya mizere isanu. Onaninso kuthinana kwa timapepala take. Tothinana kwambiri timagwira bwino pa tala, koma kwathu kuno mvula ikatha, mu Epulo ndi Meyi, njere za udzu zimamata pamenepo, kenako fumbi ndi ubweya wa thonje. Yotalikirana pang'ono imatsukika ndi paipi ya madzi, kuthira kuchokera mkati kupita kunja. Osamata neti ya udzudzu kutsogolo kwake, imatseka mphepo yambiri. Ngati mumalowa m'tchire, pangani sefa ya maso akuluakulu yochotseka, muziika polowa mu udzu pokha.

Nanga ya kopa kapena ya aluminiyamu? Ya aluminiyamu yabwino ndi yopepuka ndipo machubu ake ndi otakata, imazizira bwino. Koma ikang'aluka muli ku Chama kapena ku Vubwi, woiwotcherera ndi wosowa, chifukwa imafuna makina a TIG. Ya mathanki a pulasitiki ndiye ikasweka yatha. Ya kopa ndi bulasi munthu aliyense wokonza maradiyeta amaimata ndi mtovu wosungunula (solder), ndipo mathanki ake akale mutha kuwaikira mtima watsopano, ndiye kuti machubu ndi timapepala take, n'kusuntha milomo ya mahozi kuti iyang'ane kumene injini yatsopano ikufuna. Galimoto yopita kumidzi ine ndimaiikira ya kopa. Ya m'tauni ndi pa tala, aluminiyamu ilibe vuto. Iliyonse mwa ziwirizi ikhale pa malabala, pansi ndi pamwamba pomwe. Chesisi ya magalimoto akalewa imapindika pa msewu wa mabampu, ndipo radiyeta yomangidwa chitsulo pa chitsulo imayamba kudontha m'makona.

Mbali imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, koma imanyozeka chifukwa sigulidwa m'sitolo, ndi njira ya mphepo. Mphepo ili ngati madzi a mu ngalande ya kudimba: ikapeza pobowoka imadzera pomwepo, mbewu n'kutsala zouma. Bambo wina wa ku Katete anabwera ndi FJ45 ya 1UZ, ili ndi radiyeta yatsopano yonyezimira ya mizere inayi. Pa msewu waukulu inkayenda bwino, koma ikangolowa mu mzere wa magalimoto cha ku msika wa Kapata, singano ya geji ya kutentha inkathamangira kofiira. Ndinaliza injini, n'kutenga pepala la nyuzipepala kuliika pa girilo. Linagwa pansi. Fani inali patali ndi radiyeta kuposa chikhatho changa chotambasula, popanda kawulingi, chophimba cholumikiza radiyeta ndi fani. Ndinayatsa kasanza kuti katulutse utsi, n'kukaika pambali pa radiyeta. Utsiwo unkatuluka m'chipinda cha injini, kuzungulira m'mphepete n'kubwereranso kutsogolo: fani inkangotakasa mphepo yotentha yomweyo.

"Bambo, radiyeta yanuyi ilibe mlandu," ndinawauza.

"Nanga ndigulenso chiyani, amisiri?"

"Lata limodzi ndi chubu chakutha cha tayala."

Tinapinda kawulingi ya lata la milimita imodzi, yophimba kumbuyo konse kwa radiyeta, n'kupita ikuchepa mpaka pa bowo la fani. M'mbali, pamwamba ndi pansi pa radiyeta tinamata zidutswa za labala kuti mphepo yolowa pa girilo isakhale ndi kwina kodzera. Titaliza, pepala lija linamamatira pa girilo lokha.

Popanga kawulingi, mapeni a fani akhale theka mkati, theka kunja kwa bowo. Akalowa onse mkati mphepo imazungulira momwemo, akakhala onse kunja amakoka ya m'mbali. Pakati pa nsonga ya peni ndi mkombero wa bowo pasiyidwe masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa injini imagwedezeka pa malabala ake pomwe kawulingi ili chiimire pa bodi. Pakati pa mapeni ndi radiyeta yeniyeniyo palowe zala zosachepera ziwiri. Kumbukiraninso kuti mphepo imene yalowa iyenera kutuluka. V8 imadzaza chipinda kuchokera phiko lina mpaka linzake, ndipo mphepo yotentha ikasowa kotulukira, ya kutsogolo imaleka kulowa. Ngati mwaika chitsulo chachikulu choteteza pansi, chibowoleni cha kumbuyo. Mipata yotulutsira mphepo m'mbali mwa boneti kapena m'mapiko amkati imathandiza kwambiri. Kutukula boneti kumbuyo ndi mawashala kumathandiza galimoto ikaima, koma pothamanga mphepo ya patsinde pa galasi imakankhira mkati, ndiye njira imeneyo sindiikonda.

Za fani yokha. Ngati malo alipo, ndimayamba ndi fani yoyendera injini ya viscous, ija ili ndi kabokosi ka mafuta a silikoni pakati. Imakoka mphepo yambiri kuposa mafani ambiri a magetsi, ilibe fyuzi yoti ipse, ndipo injini ikamalira kwambiri pa phiri nayonso imalimbikira. Kuti mudziwe ngati kabokosiko kali moyo, zimitsani injini ili yotentha: fani iime msanga, ndipo poitembenuza ndi dzanja izilimba. Ikamazungulira mopepuka, kapena mukaona mafuta akuda atamata fumbi pa sipuling'i yakutsogolo kwake, yatha. Ma 1UZ ena, monga a mu Soarer, amabwera ndi pampu yoyendetsa fani ndi mafuta. Dongosolo limenelo limagwira bwino likakhala lathunthu, koma kawirikawiri injini imafika mapaipi atadulidwa ndipo kabokosi kolamulira kulibe. Zikatero ndi bwino kuchotsa pampuyo n'kuikapo buraketi ya fani wamba kapena pule chabe. Osatenga fani ya injini ina musanaone mbali imene imazungulira. Peni yopindikira kwina imakankha mphepo m'malo mokoka, ngakhale mutaitembenuza.

Malo akachepa, pitani ku magetsi. Fani ikhale kumbuyo kwa radiyeta, yokoka. Yoika kutsogolo, yokankha, imatchinga mphepo pothamanga, ndipo imayenera kukhala yothandizira chabe. Ine ndimakonda mafani awiri ochotsa m'galimoto yamakono yophwasulidwa, obwera ndi kawulingi yawo, kusiyana ndi timafani topyapyala totchipa togulitsidwa m'mabokosi. Timeneti timabwera ndi tizingwe ta pulasitiki tobaya kudutsa m'kati mwa radiyeta. Pa msewu wafumbi tizingweto timacheka machubu, ndiye pangani mabulaketi ogwira m'mbali.

Fani yamphamvu imadya maampu 15 mpaka 25 ikamayenda, ndipo poyamba kuzungulira imakoka ochuluka kuposa pamenepo. Iliyonse ikhale ndi relay yake ya maampu 40 (switchi yonyamula moto waukulu), fyuzi yake pafupi ndi batire, ndi waya wonenepa wa 4 kapena 6 mm². Iziyaka yokha ndi switchi ya kutentha yoikidwa pa hozi yapamwamba. Ngati themositati, kavavu kotsegulira madzi njira ya ku radiyeta injini ikatentha, ndi ya madigiri 82, sankhani yoyatsa cha pa 92 mpaka 95 n'kuzimitsa cha pa 87. Switchi ya pamanja pa dashibodi ikhalepo yowonjezera, yoyatsira msanga musanayambe phiri, komanso yozimitsira powoloka mtsinje nthawi ya dzinja kuti mapeni asapindikire mu radiyeta. Koma isakhale yokhayo. Tsiku lina adzayendetsa ndi mwana wanu kapena mlamu wanu amene sakudziwa za switchiyo.

Tibwere kumadzi. Kapu ya radiyeta ndi kanthu kakang'ono koma ndiyo imakweza pamene madzi amawirira. Kuno kwathu kapu ya 0.9 bar imafikitsa madzi cha pa madigiri 116 asanawire, ya 1.1 bar cha pa 120. Chenjezo ndi lakuti maradiyeta ndi mahita a magalimoto ena akale anapangidwira mphamvu yochepa kuposa imeneyi. Musanaike kapu yolimba, popani dongosolo lonse ndi pampu yoyezera, muone ngati hita yakale sikudontha pa mapazi. Kapuyo iyenera kukhala pamwamba kuposa malo ena onse a madzi. Ngati injini yakwera kuposa radiyeta, mpweya umatsalira m'mahedi, ndipo mankhwala ake ndi kathanki kapadera koikidwa pamwamba pa khoma la kumbuyo, kokhala ndi kapu yakeyake, kolumikizidwa ndi paipi yaikulu ku hozi yapansi ndi yaing'ono kuchokera pamwamba pa injini. Botolo lolandira madzi osefukira likhaleponso, paipi yake ifike pansi pa botolo kuti injini ikazizira iwayamwenso.

Mahozi a injini yosinthidwa sapezeka okwana kale. Pindani waya wolimba motsatira njira imene hozi idzadutse, mupite nawo kusitolo ya masipeya mukafanizire. Mukalumikiza zidutswa ziwiri, paipi yapakati ikhale ndi mkombero kumapeto kuti kilampu isaterereke. Hozi yapansi ndiyo yoyamwa. Ikakhala yofewa imaphwafuka injini ikathamanga, madzi n'kuleka kuyenda, ndipo mukaima kuti muone imakhala yabwerera kale mwakale. Ikhale yolimba kapena ya sipuling'i mkati.

Themositati musachotse. Ndikudziwa kuti ambiri timachita zimenezi poganiza kuti kuno kulibe chisanu. Pa 1UZ themositati ikatseguka imatsekanso njira yachidule yobwezera madzi mu injini, ndiye ikachoka, madzi ena amangozungulira osapita ku radiyeta. Kuwonjezera apo, kompyuta ya injini ikaona kuti madzi sakufika pa kutentha kwake imapitiriza kuthira petulo wambiri ngati m'mawa. Gulani yatsopano ya madigiri 82, muiyese mu poto wa madzi otentha musanaike, ndipo kabowo kake kotulutsira mpweya kayang'ane kumwamba.

Madzi a pa mjigo kapena a pachitsime asalowe mu injini imeneyi. Amasiya miyala yoyera m'machubu, ndipo 1UZ buloko ndi mahedi omwe ndi aluminiyamu, imene imadyeka popanda mankhwala. Thirani madzi osungunula aja ogulitsidwa kuti ndi othira mu batire, opanda asidi, kapena a mvula osefa bwino. Kulanti, mankhwala osakaniza ndi madziwo, akhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Theka ndi theka ndi muyezo wa kumaiko a chisanu; madzi enieni amanyamula kutentha kuposa kulanti, ndiye ife timangofuna wokwanira kuteteza dzimbiri. Wofiira ndi wobiriwira musasakanize.

Injini ikadali pansi, isanalowe m'galimoto, pali zinthu zosintha ngakhale wogulitsa atalumbira kuti yayenda pang'ono. Pa 1UZ pampu ya madzi imayendetsedwa ndi lamba wa taimingi, ndiye sinthani zonse pamodzi ndi mapule ake. Sitata imakhala pakati pa V, pansi pa manifolodi yolowetsa mpweya. Kuifikira injini ili m'galimoto ndi ntchito ya tsiku lathunthu, choncho itsegulireni pomwepo, musinthe makontaki a kopa ndi mabulashi. Kumbuyo komweko kuli timapaipi ta madzi ndi malabala ake, tioneni tonse.

Kutsogolo kuli lamba mmodzi woyendetsa alitaneta, pampu ya pawa sitiyelingi, kompuresa ya eyakoni ndi fani. Mukachotsapo chimodzi, lamba amafunika wamfupi, ndipo njira yake isasinthe mbali imene chilichonse chimazungulira. Yezani ndi chingwe, tenshona yokunga lamba ili pakatikati, mupite nacho kusitolo, mugule malamba awiri, wina azikhala pansi pa mpando ndi chithunzi cha njira yake. Ngati galimoto yanu ilibe pawa sitiyelingi, monga Land Rover yakale, pampuyo ichotseni kapena muilumikize kuti mafuta azizungulira. Ikayenda youma imagwira n'kudula lamba, alitaneta ndi fani n'kuima limodzi. Mukaisunga, dziwani kuti alitaneta ili mmunsi mwake, ndipo mafuta odontha pa pampuyo amaipha. Ikani masilo atsopano. Kukhala pansi kwa alitanetayo kumatanthauzanso matope ndi madzi, ndiye kachitsulo kotchinga sikolakwika.

Mawaya akale ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Land Rover Series III inkabwera ndi alitaneta ya Lucas ya maampu 34, ndipo mawaya ake anayezedwa molingana ndi imeneyo. Ya pa 1UZ imatha kufika cha ku 100. M'magalimoto ambiri akale, kuphatikizapo Land Cruiser zoyambirira, moto wonse wochajira umadutsa mu geji ya maampu ya pa dashibodi. Mukadutsitsa moto wa alitaneta yatsopano m'menemo, waya amatentha kuseri kwa dashibodi kumene simukuona. Kokani waya watsopano wonenepa kuchokera pa alitaneta kupita pa batire, wokhala ndi fyuzi yaikulu, ndipo pa dashibodi muikepo geji ya mavoti. Iziwerenga pakati pa 13.8 ndi 14.4 injini ikulira, mafani ndi malaiti zili zoyaka. Ikani mawaya atatu a ethi, obwezera moto ku negetivi ya batire: batire ku injini, injini ku chesisi, chesisi ku bodi. Ethi ikafooka, moto umafuna njira kudzera m'madzi ndipo umadya radiyeta ya aluminiyamu kuchokera mkati.

Kwa a dizilo, funsani ngati injiniyo ndi ya mavoti 12 kapena 24. Ma TD42 ndi ma 1HZ ambiri ochokera ku Japan ndi a 24, kutanthauza sitata, alitaneta ndi mapulagi otenthetsera zonse. Dizilo ilibenso vakyumu yakeyake yothandiza mabuleki. 1HZ ili ndi pampu yake pa injini, pomwe ma TD42 ambiri ili kumbuyo kwa alitaneta, ndiye posintha alitaneta musataye pampuyo.

Ngati mwatenga giyabokosi ya otomatiki imene imabwera ndi 1UZ, mafuta ake amatentha kwambiri mu mchenga ndi pa phiri. Ikani kula yakeyake, karadiyeta koziziritsa mafutawo, koma dziwani kuti chilichonse choikidwa kutsogolo kwa radiyeta chimatenthetsa mphepo isanafike: kula ya giyabokosi, kondensa ya eyakoni, masipotilaiti, winchi, ngakhale nambala puleti. Pampu ya petulo ikhale ya injekishoni, yofika cha pa 3 bar, ndi paipi yobwezera ku thanki ndi mahozi opangidwira mphamvu imeneyo. Pampu yofooka imachepetsa petulo pa phiri, injini n'kutentha ngakhale radiyeta ili bwino. Paipi ya petulo ndi ya mabuleki zitalikirane ndi ekizozi, ndipo pamene zayandikana ikani lata lotchinga losiya mpata wa mphepo mbali zonse. Mabuleki a dramu a galimoto ya mahosipawa 70 ndi nkhani ina yofunika tsiku lake, koma isasiyidwe. Ndipo nambala ya injini ikasintha, pitani ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, mukakonzetse white book, mapepala ogulira injini ali m'manja.

Geji yakale ya pa dashibodi siyankhulana ndi sensa ya injini yatsopano. Ikani geji ya manambala ndi sensa yake yomwe, osakhudza sensa ya mawaya awiri ya kompyuta. Dziwani chinthu chimodzi choopsa: hozi ikaphulika madzi n'kutha, sensa imakhala mu mpweya ndipo singano imatha kutsika pomwe injini ikupsa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kabelu kolira madzi akachepa, kapena sensa yomangirira pa bawuti ya hedi yoyeza chitsulo chenichenicho.

Pothira madzi koyamba, kwezani mphuno ya galimoto pa jeke kapena pa chitunda, tsegulani hita mpaka kumapeto, thirani pang'onopang'ono mukufinya hozi yapamwamba. Lizani injini kapu ili yotsegula mpaka themositati itseguke ndipo thovu lileke, kenako tsekani. Isiyeni ikulira chiimire masana, boneti yotseka, kwa theka la ola. Singano ikhazikike pakati pa 85 ndi 95, ndipo ngati fani ndi yamagetsi iziyaka n'kuzima yokha. Ikayaka osazimanso, mphepo ikuchepa. Mukakhala ndi kamfuti koyezera kutentha, kayendetseni pa nkhope yonse ya radiyeta; malo ozizira pakati pa otentha ndi machubu otsekeka.

Kenako pakirani katundu weniweni. Yambani ndi msewu wa ku Mwami, pafupi ndi kunyumba. Zikayenda bwino, tsikirani ku Jumbe mubwerere masana dzuwa lili paliwombo. Kufika 100 pa chitunda chachitali si kuwira, koma ikapitirira 105 patukani, musiye injini ikulira pang'onopang'ono hita ili yotsegula kuti itsike. Mukaona nthunzi kapena madzi akutayika, zimitsani nthawi yomweyo. Kapu musatsegule ili yotentha, ndipo madzi ozizira musathire mu aluminiyamu yotentha, hedi imapindika. M'mawa mwake, injini ili yozizira, onani mlingo wa madzi, mangitsaninso makilampu onse, ndipo yang'anani mkombero wa kawulingi ngati fani yakhulapo.

Mmene singano yayendera pa ulendowo ndi mmene mudziwire poyambira. Ikamakwera galimoto itaima n'kutsika mukathamanga, vuto ndi fani, kawulingi kapena mipata ya m'mbali. Ikamakhala bwino poima koma n'kukwera pa liwiro kapena pa phiri, ganizirani za hozi yapansi, pampu ya petulo, kotulukira mphepo, kenako kukula kwa radiyeta. Ikamakwera n'kutsika mwadzidzidzi, mukadali mpweya m'madzi. Pa vuto la pa liwirolo, musanagule chilichonse, masulani masipotilaiti ndi nambala puleti pa bulubaa, mukwerenso chitunda chomwecho ndi katundu yemweyo.